Linga Limodzi Silicinjiriza Dziko

Anyamata ndi atsikana, mukapita ku Mkaika kumapeto kwa August kukaona Kulamba, mumapeza mafumu a Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique atasonkhana pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Kodi mudziwa kuti inalipo nthawi imene mafumu otere analephera kuima pamodzi?

M'caka ca 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, tsiku la kadamsana. Anapitirira kumpoto, koma patapita zaka zambiri mwana wake Mpezeni anabwerera kuno ndi ankhondo ake. Anapeza ufumu wa Undi utafooka kale. Apwitikizi ndi Acikunda anali kugula minyanga ndi akapolo kwa mafumu ang'onoang'ono, motero mfumu iliyonse inayamba kudzidalira yokha. Nkhondo itafika, ena anathawira m'mapiri, ena anazinga midzi yao ndi malinga. Mfumu Mkanda, ya kufupi ndi kumene kuli Chipata lero, inalimbana nao kolimba, koma ca m'ma 1880 inaphedwa ndipo dziko lake linalandidwa. Malinga analipo, koma lililonse linali palokha.

Tsopano yerekezani ndi mfumu ina ya kutali, Alfred wa ku Wessex, m'dziko la England. M'caka ca 878 ma Viking, ankhondo a m'ngalawa ocokera ku Denmark, anamuthamangitsira ku madambo a Athelney. Kumeneko anasonkhanitsanso anthu ake, nagonjetsa mtsogoleri wa adaniwo, Guthrum, pa Edington. Pambuyo pake Guthrum anabatizidwa. Koma Alfred sanagone tulo. Anamanga midzi ya malinga m'dziko lonse, yoyandikana bwino kuti anthu athawiremo msanga, ndipo midzi yozungulira inkapereka amuna olonda linga lao. Ankhondo anawagawa pawiri, ena kumunda, ena kunkhondo, mosinthana. Ma Viking atabweranso mu 892 analephera kulanda Wessex.

Mwaona kusiyana kwake? Makolo athu sanali amantha. Cimene cinasowa ndico kumvana pakati pa linga ndi linga linzake. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Mbiriyi isakudanitseni ndi Angoni. Lero Mngoni ndi Mcewa amakwatirana, ndipo ambiri a inu muli ndi magazi a onse awiri. Koma pa msonkhano wanu wotsatira funsanani: vuto likagwera acinyamata a mudzi woyandikana nanu, kodi mumathamangirako, kapena mumangotseka cipata ca linga lanu?