Masiku a Zombo pa Nyanja ya Makolo

Mzinda wa Lusaka ulibe nyanja, ndipo ngakhale mtsinje woti munthu n'kuyandamitsapo bwato mulibe. Mwana wobadwira ku Matero kapena ku Chawama angathe kukula mpaka kukwatira osaonako madzi ambiri koposa aja amene amadzaza m'makwalala a ku Kanyama mvula ikalimbika. Komabe cinenero cimene mwanayo amagulira kapenta pa msika, ndi kukanganira ndi anzake, dzina lake ndi Cinyanja, ndiye kuti cinenero ca anthu a kunyanja. Aphunzitsi akamuuza kuti Kabwe ali kumpoto ndipo Kafue ali kumwera, iye sadziwa kuti mau amenewa ndi maina a mphepo ziwiri zimene makolo ake ankaziopa ndi kuzidikira. Za mphepozo, ndi za zombo zimene zinkayenda nazo, ndizo tifuna kufotokoza pano.

Nyanja imene tikunenayi Azungu ankaiti Nyasa, ndipo ku Malawi lero amaiti Nyanja ya Malawi. M'litali mwake ipitirira mailosi 350, ndipo pamene yatambalala kwambiri ifika pafupi mailosi 50, kotero kuti munthu ali pakati nthawi zina saona mtunda. Makolo athu anali nao mabwato osema ku mtengo umodzi, abwino pophera nsomba ndi potsata gombe. Koma combo ca matabwa, coyenda ndi thanga, cinabwera ndi Aswahili ndi Aluya ocokera ku nyanja ya mcere. Wodziwika mwa iwo ndiye Salim bin Abdallah, amene anakhazikika ku Kota Kota, kumene lero timati Nkhotakota, ca m'zaka za m'ma 1840, nayamba ufumu wa Ajumbe. Malowo anawasankha mwanzeru, pakuti pali mcenga wautali wolowa m'nyanja umene umachinjiriza dooko ku mafunde.

David Livingstone atafika ku Kota Kota m'caka ca 1863 anapeza Juma bin Saidi alikukhoma combo catsopano, colowa m'malo mwa cina cimene cinasweka. M'litali cinali mapazi 50, m'mimba mwake mapazi 12, ndipo kuya kwake mapazi 5. Matabwa ake anali a mtumbati, ndiwo mlombwa, mtengo womwe uja amisiri a mipando muno mu Lusaka amauti mukwa. Nthiti zake zinali za msolo. Tiganize pang'ono za nchito imeneyi. Panalibe makina ocekera matabwa, ndipo misomali ndi nsalu zinkasenzedwa pamutu ulendo wa miyezi kucokera ku gombe la Kilwa, kapena kusulidwa pomwepo. Combo cimodzi cinali cuma coposa mudzi wa ng'ombe, ndipo mfumu yokhala naco inali ndi nyanja m'manja mwake.

Combo cotere cinali ndi mlongoti umodzi, ndipo pa mlongotipo ankakwezapo mtengo wautali wopendekeka, pomwe ankamangirira thanga la ngodya zitatu. Mphepo ikacokera kumbuyo kapena cam'mbali, combo cinkathamanga mokondweretsa. Koma ikacokera kutsogolo panali mabvuto, pakuti kuti atembenuke anayenera kumasula zingwe, kuimiritsa mtengo wa thanga uja, ndi kuuzunguliritsa tsidya lina la mlongoti, combo cilikugwedezeka. Nchito imeneyi munthu mmodzi sangaithe, ngakhale awiri. Akulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu (abale athu a ku Kanyama asakwiye), ndipo palibe malo pamene mwambiwu unkaoneka zoona zake koposa pa combo. Wogwira tsigiro, amene Aswahili amamuti nahodha, akapfuula, aliyense anayenera kudziwa cingwe cake, pakuti mmodzi akacedwa onse akanamwa madzi.

Mwini ulendo weniweni sanali nahodha, koma mphepo. Mwera umaomba m'nyengo yozizira, kuyambira ca mu May mpaka mu August kapena September, ndipo popeza umatsata nyanja m'litali mwake, mafunde ake amakula akamapita kumpoto. Mpoto umadza ndi mvula, ndipo namondwe wake sacenjeza. Vuma amacokera kum'mawa, zambwe kumadzulo. Wofuna kupita ku Bandawe kucokera ku Kota Kota m'nyengo ya mwera ankapita ngati mbalame, koma pobwerera ankatha kukhala pa gombe la eni masiku ambiri, kuyang'ana kumwamba m'mawa uliwonse, ufa ulikutha m'thumba. Ife a m'tauni, amene timanyinyirika basi ikacedwa kudzaza pa siteshoni, sitingaudziwe bwino mtima umenewu. Anthu a pa combo sankalonjeza tsiku lofika.

Nyanja ikagona, ulendo unkayamba kusanace. Ankazula nangula, kukankha combo ndi mitengo mpaka pakuya, ndi kukweza thanga poimba nyimbo yokokera cingwe kuti manja onse akokere pamodzi. Kampasi kunalibe. Masana ankatsata mapiri ndi zilumba zimene ankazidziwa maina, usiku nyenyezi ndi moto wa asodzi. Wamng'ono mwa onse nchito yake inali kukapa madzi, cifukwa combo ca matabwa sicileka kudontha ngakhale mipata yake itamatidwa bwanji ndi thonje. Mwa cimodzi anaposa anzao a ku nyanja ya mcere: ludzu silinawabvute, pakuti madzi akumwa anali pansi pao, kungotunga. Cosowa cinali nkhuni ndi ufa. Pa gombe ankagula cinangwa ca kondowole, ndi mpunga umene Ajumbe anaulimbikitsa ku Kota Kota, ndipo ndiwo zinali usipa, utaka, cambo kapena kampango wa kwa asodzi okomana nao m'njira. Nthawi zina patali pankaoneka cinthu conga utsi wa lupsa cilikukwera kucokera m'madzi. Sunali utsi ai, koma nkhungu, tizilombo touluka tosawerengeka, timene amai a kunyanja amatikola ndi malicero n'kuumba zitumbuwa zake za ndiwo.

Mphepo ikaleka masana, thanga linkangolendewera, dzuwa lilikuswa mtengo, ndipo amuna ankagwira nkhafi. Kupalasa combo colemera si masewera, ndipo apa ndipo pankadziwika mnzako weniweni ndi mlesi. Dzuwa likapendeka ankafuna pokoceza. Izi zinkafuna nzeru, cifukwa gombe la kumadzulo lili ndi madooko ocepa, ndipo pa mathiriro a mitsinje, pamene madzi ali bata, ndi pamene pamakhala ng'ona, mvuu ndi udzudzu. Akakoceza ankayamba apita kukaonekera kwa mfumu ya mudzi, pakuti kugona pa mcenga wa eni osalonjera ndiko kudziitanira mlandu. Atatero ankasonkha moto, kudya m'mbale imodzi, ndi kugona pafupi ndi combo, khutu limodzi lili ku mafunde.

Ulendo wotere umene unalembedwa tsiku ndi tsiku ndi wa Livingstone, mbale wake Charles, ndi Dr. John Kirk. Iwo anasenzetsa ngalawa ya nkhafi zinai ndi thanga kulambalala mathithi a Shire, nalowa nayo m'nyanja pa 2 September 1861. Anazungulira phiri limene analicha Cape Maclear, natsata gombe la kumadzulo, anzao ena alikuyenda pamtunda. Tsiku lina namondwe anawapeza ali ngati mailo imodzi kucokera ku gombe. Kubwerera sakanatha cifukwa mafunde akanawaswera pa mcenga, ndipo anaponya nangula nakhala pomwepo maora asanu ndi limodzi, anthu a pamtunda alikuwapenya ngati akufa kale. Kuyambira pamenepo ankakokera ngalawa pamtunda usiku uliwonse. Akamadya, khamu la anthu linkawazinga kudzaona m'mene Mzungu amatafunira. Usiku wina ali m'tulo akuba anawatengera zobvala ndi mikanda. Kumpoto anapeza midzi yopserera ndi mitembo, nkhondo ya Angoni itangodutsa, ndipo a m'ngalawa ndi a pamtunda anasowana masiku anai. Cakudya citacepa anabwerera, natuluka m'nyanja kumapeto kwa October osaona pothera pake.

Tsono tisanamizane kuti masiku a zombo anali okoma okhaokha. Combo cija anacipeza Livingstone cilikukhomedwa sicinali ca alendo okacezera abale. Katundu wake anali minyanga ya njobvu ndi anthu. Akapolo ogwidwa m'dziko la Acewa, ena ocokera kutali ku Luangwa ndi kupitirira, ankasonkhanitsidwa ku Kota Kota, kupanikizidwa m'zombo, ndi kuolotsedwa kupita ku Losewa tsidya la kum'mawa, kumene ankayamba ulendo wa pansi wopita ku Kilwa. Colonel Rigby, woimira Boma la Britain ku Zanzibar, anauza Livingstone kuti akapolo 19,000 ocokera ku dziko la Nyasa lokha ankadutsa pa nyumba ya msonkho ya cilumbaco caka ciliconse, osawerengera ofera m'njira. Amalinyero aja tawayamikira umodzi wao ankadyera mbale imodzi pamwamba, pansi pa mapazi ao pali anthu omangidwa. Wowerenga wa ku Chipata kapena ku Lundazi asayese kuti iyi ndi nkhani ya ku Malawi kokha. Mwa oolotsedwawo munali a mtundu wake.

Livingstone anaona kuti wogwira nyanja wagwira malonda onsewo. Anagula ndi ndalama zake sitima yochedwa Lady Nyassa kuti ikachinge zombo, koma sinafike konse pa nyanjapo, ndipo mu 1864 anapita nayo ku Bombay. Mu 1866 atafika tsidya la kum'mawa anapempha kuti amuolotse pa combo, koma eni ake anamzemba, ndipo anazungulira nyanja pansi ca kumwera. Sitima yoyamba kuyandama pa Nyasa inali Ilala, imene E. D. Young anafika nayo ku Cape Maclear mu October 1875. Ngakhale pamenepo zombo za akapolo sizinaleke msanga. Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe mu 1889, koma Makanjira, mfumu ya Ayao ya tsidya la kum'mawa, anakana kugonja, ndipo mu December 1891 Captain Cecil Maguire anaphedwa ndi mfuti atangotentha zombo ziwiri za mfumuyo. Ufumu wa Ajumbe unatha mu 1895, pamene wotsiriza anacotsedwa ndi kutumizidwa ku Zanzibar.

M'caka comweco nyanja inaonetsa kuti siisankha nkhope. Chauncy Maples, wa Mishoni ya U.M.C.A. imene inakhazikika pa cilumba ca Likoma mu 1885, anali atangodzozedwa ubishopu ku London. Pobwerera anakwera ngalawa ya matanga ya Mishoni, yacitsulo, dzina lake Sherriff, pamodzi ndi mnzake Joseph Williams, kulinga ku Kota Kota. Usiku wa pa 2 September 1895 namondwe anaigubuduza kufupi ndi ku Salima. Amalinyero anasambira nafika pamtunda, koma Azungu awiriwo anamira. Mkanjo wa ubusa umene Maples anabvala unamlemera m'madzi. Mtembo wake utapezeka anakauika ku Kota Kota, ndipo sitima yochedwa ndi dzina lake inayamba kuyenda pa nyanjapo mu 1901. Ngakhale sitima za moto mwera sunaziope: pa 30 July 1946 Vipya inamira kumpoto kwa nyanja ndi anthu 145.

Ukapolo utatha, luso lokhoma zombo silinathe nao. Linatsala m'manja mwa anthu a m'mbali mwa nyanja, ndipo zombo zinayamba kunyamula mpunga, nsomba zouma, nkhuni, ndi anthu okwera mwa kufuna kwao. Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za miyala, zosabala cakudya cokwanira, koma sukulu za Mishoni zinabala aphunzitsi, akalaliki, amisiri ndi ansembe oposa nchito zimene zinalipo. Oterewa anaoloka, ena pa sitima ena pa combo, nalowera kumadzulo. Mmodzi wa oyamba anali Leonard Kamungu, wansembe wobadwira ku Chia m'mbali mwa nyanja, amene anatsegula Mishoni ya Msoro mu 1911 namwalira komweko mu 1913. Likulu la dziko litasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka mu 1935, njira ya ku Fort Jameson, ndiye Chipata, inadzaza anthu a kum'mawa ndi a ku Nyasaland ofuna nchito, ndipo popeza apolisi ndi asilikali ankalankhulanso Cinyanja, cinenero ca kunyanja cinakhala ca mzinda wouma uno. Adzukulu a oolokawo ali ku Kalingalinga, ku Mtendere, ku George ndi ku Matero, ndipo ambiri a iwo akafunsidwa kwao amangoti ndi kuno.

Wofuna kuona combo ndi maso ake akwere basi mpaka ku Chipata, aoloke malire pa Mwami, napite ku Nkhata Bay kukadikira Ilala yaciwiri, imene inayamba nchito mu 1951. Ku Likoma, kumene kuli chalichi cacikulu ca Petro Woyera cimene anayamba kumanga mu 1903, zombo zocepa zakhala zikuolokabe mpaka m'zaka zathu zino kupita ku Cobue, tsidya la Mozambique, mtunda wa mailosi owerengeka, ngakhale maboti a injini acuruka. Matanga a zina ndi matumba osokedwa pamodzi, zigamba pamwamba pa zigamba, ndipo pobwerera zimadza zitalemedwa ndi nkhuni.