Alendronate

Alendronate: mankhwala a m'gulu la bisphosphonate othandiza pa matenda a kufooka kwa mafupa, omwe amagwira kwambiri amayi amene anasiya kusamba.

Anavomerezedwa ku America mu 1995 ndi dzina la Fosamax. Mayi akasiya kusamba, homoni ya estrogen imachepa m'thupi ndipo mafupa amayamba kudyeka msanga. Alendronate amachedwetsa kudyekako, motero amachepetsa kuthyoka kwa msana ndi chiuno.

Kamwedwe: piritsi limodzi la 70 mg kamodzi pa sabata, m'mawa munthu asanadye kanthu. Amameza lathunthu ndi kapu yodzaza ya madzi okha, osati tiyi, mkaka kapena thobwa. Kwa mphindi 30 zotsatira sadya, samwa mankhwala ena, ndipo sagona pansi. Amakhala tsonga kapena kuimirira, chifukwa piritsi likatsakamira kummero limabweretsa zilonda. Mapiritsi a kashiamu ndi a chilungulira amalepheretsa mankhwalawa kulowa m'magazi akamwedwa limodzi.

Salandira mankhwalawa amene impso zawo zafooka kwambiri, ovutika kumeza, ndi amene kashiamu ndi wochepa m'magazi mwawo. Mano amayamba aonedwa, popeza mwa apo ndi apo fupa la nsagwada limawonongeka. Pakatha zaka 3 mpaka 5, dokotala amaunikanso ngati kumwa kupitirire.

 Omwa ma ARV okhala ndi tenofovir ayenera kudziwitsa dokotala, chifukwa tenofovir amachepetsa mphamvu ya mafupa. Usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yake amapereka kashiamu.

Onaninso: risedronate, zoledronic acid (wa m'dripu, kamodzi pa chaka), vitamini D.