Lendi Pakati pa Eni Nyumba Imodzi

Makolo akamwalira nasiya nyumba imodzi m'manja mwa ana angapo, kawirikawiri mmodzi ndiye amatsalamo pamene anzake ali kutali. Tsiku logawana likafika, pamabuka funso lakuti: kodi wotsalayo alipire abale ake lendi ya zaka zonsezo? Mabwalo a milandu a ku England alimbana ndi funso limeneli kwa zaka mazana angapo.

Kalelo lamulo linkati aliyense mwa eni ake ali ndi ufulu wokhala m'nyumba yonse. Motero wokhalamo analibe ngongole kwa mnzake amene anachoka mwa kufuna kwake. M'chaka cha 1539, Henry VIII ali mfumu, Nyumba ya Malamulo inapatsa mwini aliyense mphamvu yokakamiza anzake kuti agawane malo awo. Mu 1705 lamulo lina linalola munthu kusumira mnzake amene walandira zoposa gawo lake.

Koma kodi kukhala pamalo ndiko kulandira? Pa mlandu wa Henderson ndi Eason mu 1851, munthu wina anali atalima yekha minda imene anali nayo pamodzi ndi mbale wake. Oweruza anagamula kuti zokololazo zinali thukuta la mlimiyo, pakuti mbewu zikadakanika, mbaleyo sakadasenza nawo chitayikocho. Akadabwereketsa mindayo kwa munthu wapadera nalandira lendi, pamenepo akadayenera kugawa.

Popeza nyumba siduleka pakati monga munda, lamulo la mu 1868 linalola bwalo kuigulitsa ndi kugawa ndalama zake.

Mlandu wa Dennis ndi McDonald mu 1982 unaunika mbali ina. Mayi wina anathawa m'nyumba imene anagula pamodzi ndi mwamuna amene ankakhala naye chifukwa cha nkhanza za mwamunayo. Bwalo linaona kuti kuchoka kotero n'kupirikitsidwa, ndipo linalamula wotsalayo kulipira theka la lendi yoyenera nyumbayo. Mu 1996 mfundo yolipira mwini woletsedwa kukhalamo inalembedwa m'lamulo.

Chiyambi cha mbiriyi chikukhudzanso Malawi, pakuti malamulo ambiri amene anali ku England pa 11 Ogasiti 1902 analandiridwa m'mabwalo a dziko lino. Ndipo funso limene oweruza aja ankayamba nalo ndi lomwe banja lililonse lingadzifunse lisanapite kubwalo: kodi mbale amene ali kunjayo anachoka yekha, kapena anamtsekera chitseko?