Beira: hotela yomwe inadzaza itatsekedwa

Dalaivala wa thanki akamati akutsikira ku Beira, mtima wake umakhala padoko, pa mzere wa magalimoto ndi pa mapepala a katundu. Ambiri amabwerako osaonako chinyumba china cha m'mphepete mwa nyanja, chomwe chasenza mbiri ya mzindawo.

Beira inayamba mu 1887 ngati kamsasa ka asilikali a Chipwitikizi m'matope a kamtsinje ka Chiveve, pafupi ndi pomwe mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja ya mchere. Dzinali analipereka polemekeza Luís Filipe, mwana wa mfumu ya ku Portugal, yemwe ankatchedwa Kalonga wa Beira. Malowo ndi a madambo, mwala ndi wosowa. N'chifukwa chake pomanga tchalitchi chachikulu cha Katolika, chomwe chinatsegulidwa mu 1925, anakagumula linga la ku Sofala lomwe Apwitikizi anayamba kumanga mu 1505, n'kututa miyala yake. Linga la doko lakale la golide la Sofala linathera pomwepo, ndipo zotsala nyanja inameza.

Ku gombe la Macuti ku Beira komweko, nsanja ya nyali yolondolera sitima, yomangidwa mu 1904, ikadali chilili ndi mizere yake yofiira ndi yoyera. Pamaso pake pagona chigoba cha sitima, dzimbiri lokhalokha, mchenga utachikwirira theka.

Ife a ku Malawi tinalumikizika ndi mzindawu kudzera m'njanji. Mlatho wa Dona Ana utatha mu 1935, sitima zinayamba kuwoloka Zambezi zitasenza tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, fodya ndi thonje. Ndalama zinachuluka ku Beira, ndipo anthu anayamba kulota zazikulu.

Loto lalikulu koposa linali Grande Hotel, yomwe inatsegulidwa mu 1955. Inali ndi masitepe otakasuka okhotakhota, pansi poyala matabwa osalala, chipinda chovinira, ndi dziwe losambira lalikulu ngati la mipikisano. Munthu wakuda ankalowamo ngati wantchito basi. Koma alendo olemera omwe ankayembekezeka sanabwere mokwanira, phindu silinaoneke, ndipo mu 1963 zitseko zinatsekedwa. Zaka 8 zokha! Pambuyo pake ankaitsegula mwa apo ndi apo, monga mu 1971 pa ukwati wa mwana wamkazi wa Jorge Jardim, Mpwitikizi yemwe ankaimira Malawi ku Beira ndipo ankamvana kwambiri ndi Kamuzu Banda.

Mozambique italandira ufulu mu 1975, zipinda zapansi zinasanduka ndende, zina n'kukhalamo asilikali ndi apolisi. Kenako nkhondo yapachiweniweni inakolera. Nkhondo yomweyo, yomwe inaphwasula mlatho wa Dona Ana n'kuthamangitsira anthu zikwizikwi ku Nsanje ndi Dedza, inathawitsiranso ena ku Beira. Anapeza hotela ya bwinja, nalowamo. Mtendere utabwera mu 1992 ambiri analibe kobwerera, ndipo lero muli ana ndi zidzukulu zobadwira momwemo.

Mukalowa, chokulandirani ndi utsi wa mbaula. M'makonde momwe munkadutsa operekera zakudya, amayi ayala tomato, makala ndi nsomba zouma. Matabwa apansi aja anathera pamoto, magalasi ndi mawaya zinagulitsidwa kalekale. Mitengo ya mkuyu yamera pakhonde lam'mwamba, mizu yake ikung'amba simenti. M'dziwe muja mwatsala madzi amvula obiriwira, ochapira zovala. Choopsa kwambiri ndi maenje momwe munkayenda zikepe, omwe ali pululu, ndipo ana ena anagweramo. Komabe anthuwa sakhala mwachisawawa: ali ndi atsogoleri awo, tchalitchi, mzikiti ndi malamulo a pakhomo. Ine ndimawapatsa ulemu, chifukwa nyumba yomwe eni chuma anaitaya, amphawi aisunga yamoyo zaka zoposa 40.

Usiku wa pa 14 Malichi 2019 namondwe wa Idai anatera pa Beira, nasasula madenga pafupifupi mumzinda wonse. Grande Hotel sinagwe. Koma mphepo ya mchere ikudya zitsulo za m'zipupa zake tsiku ndi tsiku, ndipo nyanja ikunyenya gombe, monga zikuonekera kudera la mumzindawu la Praia Nova.

Mabanja a m'nyumbayi akufunika malo ena okhala denga lisanawagwere. Akuluakulu a mzinda ndi a boma asadikire maliro kuti achitepo kanthu.