Sukulu ya Kugonja: Anyamata Ogwetsana a ku Japan

Pamene Rikidozan, mbadwa ya ku Korea imene inayamba yadziwika m'masewera a sumo, anakhazikitsa bungwe lake la ogwetsana ku Japan m'chaka cha 1953, bwalo la zingwe ndi kaseweredwe anazitenga kwa Aamereka, koma kaleredwe ka anyamata anakatenga m'nyumba za sumo momwe iye mwini anakulira, mwakuti wolowa kumene ankayamba wakhala mtumiki wa akulu ake asanayerekeze n'komwe kudzitcha mnzawo. Ankadzuka mbandakucha, kusesa, kuphika mphika waukulu wa nyama ndi masamba wotchedwa chanko, kuchapa zovala za thukuta, kusenza katundu paulendo, ngakhale kutsuka msana wa mkulu posamba. Ndipo tsiku lake lolowa m'bwalo likakwana, mmodzi wa akulu omwewo ndiye ankaima patsogolo pake ngati mdani.

Nkofunika kunena poyera kuti m'ntchito imeneyi wopambana amadziwika mabelu asanalire, pakuti eni masewera ndiwo amakonza. Koma amene ayesa kuti potero palibe chophunzira walakwa kwambiri, chifukwa munthu amene ukulimbana naye ndiye wagwira khosi lako ndi msana wako m'manja mwake, ndipo ndiye adziwa nthawi yofulumira ndi nthawi yodekha. Mkulu akapanikiza mutu wa mnyamata m'khwapa, anthu n'kumaona ngati akum'pha, nthawi zambiri amakhala akumunong'oneza kuti apume, amvere phokoso la khamu, asadzuke msanga. Ndipo mnyamata akachita phuma namenya mopyola muyeso, mkuluyo amam'bwezera kamodzi kokha, kowawa ndithu, osatulutsa liwu, phunziro nkukhazikika pomwepo.

Pa 30 September 1960 ophunzira awiri a Rikidozan analowa m'bwalo koyamba ku Tokyo. Giant Baba, amene kale ankasewera baseball, anapambana. Koma Antonio Inoki, mnyamata wa zaka 17 amene mbuye wakeyo anakam'tola ku Brazil kumene banja lake linasamukira, anagwetsedwa ndi Kintaro Ohki, mkulu wake wa m'nyumba yomweyo. Inoki anatumikira Rikidozan kufikira imfa yake mu December 1963, napirira nkhonya ndi chipongwe chosaneneka, ndipo pano sindifuna kukometsa zinthu: zambiri zimene zinkatchedwa mwambo zinali nkhanza chabe za munthu waukali. Komabe taonani chimene anachita atakhala mwini bungwe lake, New Japan Pro-Wrestling. Pa masewera oyamba enieni, pa 6 March 1972, iye amene akadatha kudzikonzera ulemu wonse anaitana mphunzitsi wake Karl Gotch, nkhalakale yosulidwa kwa Billy Riley ku Wigan m'dziko la England, nagonja kwa iye pamaso pa anthu ake.

M'bungwe la New Japan limeneli ndimo munakhwima mwambo wa anyamata otchedwa ana a mikango, ovala kabudula wakuda ndi nsapato zakuda zopanda chokongoletsa chilichonse, ololedwa njira zowerengeka zokha zogwirira, amene ntchito yawo ndiyo kugonja usiku ndi usiku, kawirikawiri atapindidwa msana mpaka kuvomereza, kenaka kutsika n'kukagwada m'mbali mwa bwalo kuonerera akulu akusewera. Baba nayenso, m'bungwe lake la All Japan, analera chimodzimodzi: Kenta Kobashi, amene anayamba mu 1988, anagonja maulendo 63 otsatizana polimbana yekha, mwadala mwa Baba, kufikira anthu anayamba kum'konda chifukwa cha kusatopa kwake podzuka.

Ndipo popeza mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, mnyamata akamaliza kudziwa manja a akulu a kwawo amatumizidwa kunja kukalawa manja achilendo. Jumbo Tsuruta anapita ku Amarillo, m'chigawo cha Texas, kwa Dory Funk Jr. m'chaka cha 1973. Ena ankapita ku Mexico kapena ku Ulaya. Kazuchika Okada anakhala ku America pafupifupi zaka ziwiri akusewera masewera apansi amene ochepa ankawalabadira, nabwerera mu January 2012, ndipo mwezi wotsatira, ali ndi zaka 24, analanda lamba wamkulu wa New Japan kwa Hiroshi Tanahashi ku Osaka.