Mbalame zotera pa nthambi: maina ake ndi m'mene akatswiri amazigawira

Tikamadzuka m'mbandakucha timamva pumbwa akuimba m'mango, khwangwala akulira padenga, anamzeze akudutsa pamwamba pa bwalo. Ambiri a ife sitidziwa kuti akatswiri a zamoyo amaika mbalame zonsezi m'gulu limodzi. Gululi amalitcha Passeriformes, ndipo m'chinenero chathu tingalitche gulu la mbalame zotera pa nthambi. Pa dziko lonse lapansi pali mitundu ya mbalame pafupifupi 11,000, ndipo yoposa theka la mitundu imeneyi, pafupifupi 6,500, ili m'gulu limeneli.

Dzina lakuti Passeriformes lidachokera ku Chilatini. Mau akuti passer amatanthauza mpheta, ndipo ndi omwewo amene timawapeza m'Baibulo la Chilatini pa Mateyu 10:29. Mau akuti forma amatanthauza maonekedwe. Choncho dzina lonse likunena za mbalame zooneka ngati mpheta.

Chizindikiro choyamba cha gululi ndi phazi. Zala zitatu zimaloza kutsogolo, chimodzi champhamvu chimaloza kumbuyo, ndipo zonse zinai zimachokera pamalo amodzi. Mbalame ikapinda mwendo, mitsempha yodutsa kumbuyo kwa mwendowo imakoka zala kuti zifumbate nthambi. Komabe tichenjere: si mbalame iliyonse yotera pa mtengo imene ili m'gululi. Njiwa, kadzidzi, nkhwazi ndi gogomole zimatera pa mitengo koma zili m'magulu ena. N'chifukwa chake akatswiri amayang'ananso mafupa a m'kamwa, kapangidwe ka kholingo, ndipo masiku ano amapima DNA. Ana a mbalame za m'gululi amaswedwa ali osapenya ndi opanda mphamvu, motero makolo ake amamanga chisa chosamalika ndi kuwadyetsa kufikira atamera nthenga.

Njira yotchulira zamoyo imene ikugwira ntchito lero idakhazikitsidwa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene adabadwa mu 1707 ndi kumwalira mu 1778. Maina a nyama amayamba kuwerengedwa kuchokera pa buku lake lotchedwa Systema Naturae, monga lidasindikizidwa kachikhumi mu 1758. Mtundu uliwonse uli ndi maina awiri. Loyamba lili ngati chiwongo, monga Phiri kapena Banda, pakuti mitundu yapachibale imaligawana. Lachiwiri ndi la mtundu umodzi wokha. Khwangwala wathu ndi Corvus albus: Corvus ndi khwangwala, albus ndi kuyera, kaamba ka chifuwa chake choyera. Mbale wake wamkulu wa m'mapiri monga Mulanje ndi Corvus albicollis, kutanthauza wa khosi loyera. Nthengu ndi Dicrurus adsimilis, ndipo Dicrurus ndi mau ochokera ku Chigriki onena za mchira wa mphanda. Mitundu yogawana chiwongo imaikidwa m'banja, dzina la banja limathera ndi -idae, monga Corvidae, banja la akhwangwala, ndipo mabanja ambiri pamodzi ndiwo amapanga gulu.

Gulu la Passeriformes lili ndi zigawo zitatu. Chigawo cha Acanthisitti chili ndi timbalame tochepa ta ku New Zealand. Chigawo cha Tyranni chili ndi mitundu yoposa 1,000, yambiri ya ku South America. Chigawo chachikulu ndi Passeri, mbalame zoimba. Izi zili ndi minofu yambiri pa chiwalo chotulutsira mau chimene chili pansi pa kholingo, ndipo ana ake amaphunzira nyimbo pomvera akulu, monga mwana wa munthu amaphunzirira kulankhula. Zingatidabwitse kumva kuti khwangwala, ndi mau ake osasa aja, ali m'chigawo cha oimba. Chimene chimamuika m'menemo ndi kapangidwe ka thupi ndi chibale chake. Kafukufuku wa DNA wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 adaonetsa kuti makolo a mbalame zoimba adachokera kudera la Australia.

Makolo athu nawo adali ndi njira yao yotchulira mbalame. Iwo ankayang'ana kulira, chakudya ndi khalidwe. Dzina limodzi nthawi zina limakuta mitundu yambiri: timati mpheta kwa timbalame tosiyanasiyana todya mbeu, pamodzi ndi Quelea quelea, kamene kamabwera m'chigulu chosawerengeka ndi kutha mapira ndi mpunga m'minda. Timati namzeze kwa mitundu ingapo, umodzi mwa iyo ndi Hirundo rustica, imene imaswa ku Ulaya ndi ku Asia n'kubwera kuno nthawi ya dzinja. Maina amenewa ali ndi nzeru zake. Mwambi wakuti timba sachepa ndi mazira ake udabadwa chifukwa wina adakhala pansi n'kumayang'anitsitsa kambalameko pa chisa chake. Dzina la Chilatini limathandiza mlimi wa ku Chikwawa ndi katswiri wa ku Nairobi kudziwa kuti akunena mbalame imodzi, pamene dzina la Chichewa limasunga zimene anthu a kuno adaona.

M'Malawi muno muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650. Umodzi mwa iyo, Apalis flavigularis, wa pakhosi pachikasu, umapezeka m'nkhalango za ku Mulanje, Zomba ndi Malosa basi. Wina ndi Chamaetylas choloensis, umene udatenga dzina ku Thyolo, pakuti Azungu ankalemba kuti Cholo. Nkhalango ya pa phiri la Thyolo idadulidwa pafupifupi yonse, ndipo mitundu iwiriyi ili pa mndandanda wa mbalame zimene zili pa ngozi yoti zingathe.

Ana athu ambiri lero mbalame iliyonse yaing'ono amangoti kambalame. Kambalame kopanda dzina kakasowa palibe amene amazindikira. Tikupempha aphunzitsi ndi makolo kuti afunse agogo maina a mbalame za m'dera lao, awalembe pamodzi ndi maonekedwe ndi kulira kwake, ndipo awaphunzitse ana.