Mmene dzina loti "Atate" lidafikira pa Mulungu kuno ku Ntcheu

Adzukulu anga, ndi inu nonse okonda za makolo, lero ndikufuna tikambirane za liwu limodzi lokha limene timalitchula m'pemphero tsiku ndi tsiku osaliganizira. Liwu lake ndi Atate.

Makolo athu sadadikire azungu kuti adziwe zoti kuli Mulungu. Adali ndi mayina ake ochuluka: Chauta, Namalenga, Mphambe, Leza, Chisumphi. Onse amanena za mphamvu, za kulenga, za mvula ndi ziphaliwali. Koma munthu wamba sankamuyandikira yekha ayi. Monga momwe wodandaula safikira kwa Inkosi osadzera kwa nduna, anthu ankadzera kwa mizimu ya makolo. Achewa ankathira nsembe ya ufa ndi mowa patsinde pa mtengo kapena pakachisi, pomwe Angoni ankapempha ali kukhola, pafupi ndi ng'ombe yopatulidwira mizimu. Chauta ankaopedwa ndi kulemekezedwa, koma kunena kuti iye amalakalaka kucheza ndi munthu mmodzimmodzi chidali chinthu chachilendo.

Chiphunzitso chimenecho chidafika ndi amishoni. A Livingstonia adatsegula Livlezi mu 1887. M'zaka za m'ma 1890 kudabwera a Zambezi Industrial Mission ku Dombole ndi Ntonda, komanso a Baptist ku Gowa. Mu 1896 asilikali a boma la atsamunda adapha Inkosi Gomani woyamba, ndipo Angoni a Maseko adatsala ngati ana amasiye. Patangopita zaka zisanu, pa 25 July 1901, ansembe atatu a chipani cha Montfort, Pierre Bourget, Augustin Prézeau ndi Anton Winnen, adafika pa Nzama m'dera la Njobvuyalema. A Dutch Reformed adatsegula Mlanda mu 1902. Magulu amenewa ankalimbirana midzi ndi masukulu, mwina mochititsa manyazi, koma pa mfundo imodzi sankasiyana: onse ankaphunzitsa ana kutchula Mulungu kuti Atate.

Apa ndi pamene pali nkhani. Kodi womvera wa nthawi imeneyo ankamva chiyani? Kwa Mngoni weniweni, bambo ndiye mwini mudzi, mwini khola, mwini ana, ndipo ufumu umachoka kwa bambo kupita kwa mwana. Kwa iye liwuli lidali lolemera ulemu ndi mantha. Koma anthu ambiri amene Angoni adawapeza ndi kuwasakaniza adali achikamwini. M'midzi yotere bambo ndi mlendo. Mwana akadwala, akapalamula mlandu, akafuna banja, nkhani imapita kwa atsibweni ake. Paja akulu adati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Mlaliki akaimirira pansi pa mkuyu n'kunena kuti Mulungu ndi Atate osasiya ana awo, ena ayenera kuti ankayang'anana. Ine ndimaganiza kuti mlaliki wochenjera akadanena kuti Mulungu ndi mwinimbumba, akadamveka msanga, ngakhale kuti akadataya kanthu kena kofunika.

Kanthu kameneko ndi aka. Udindo wa atsibweni ndi wa mwambo, amasunga mbumba chifukwa ndi yawo. Chikondi chimene chikufotokozedwa pa Luka 15, m'fanizo la mwana wolowerera, n'chosiyana. Mnyamata wamwaza chuma, wanyazitsa mtundu, wabwera ndi nsanza. Pa mwambo wathu pakadakhala bwalo, chindapusa, mwina mbuzi. M'fanizomo bambo, munthu wamkulu, akuthamanga kukamchingamira mwanayo asadamalize n'kupepesa komwe. Njonda yachingoni kuthamanga anthu akuona! Ndikhulupirira kuti nkhani imeneyi idagwira mitima kuposa maulaliki ambiri a za moto wosazima. Ndipo pamene Buku Lopatulika lidatuluka lathunthu mu 1922, anthu adadziwerengera okha kuti Yesu ankaitana Mulungu ndi liwu la pakhomo loti Abba, pa Marko 14, ndi kuti Paulo adapereka liwu lomwelo kwa okhulupirira onse pa Aroma 8 ndi Agalatiya 4.

Kenaka idafika nthawi ya matchona. Msonkho wa nyumba udathamangitsira amuna ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni, ambiri kudzera ku Wenela, mpaka Dr Banda adaletsa kulemba anthu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi obwerera kumudzi. Ena adabwera ndi njinga ndi wilesi, ena sadabwerenso. Amayi ndi amene adadzaza matchalitchi, ndipo ndi iwo adaphunzitsa ana pemphero la Ambuye madzulo pamphasa, m'nyumba zopanda bambo.

Ndili mphunzitsi wachinyamata ndidafunsa ana m'kalasi tanthauzo la kutchula Mulungu kuti Atate. Mnyamata wina, amene bambo ake adapita ku Joni iye ali kumsana, adayankha kuti ndiye kuti amakhala kutali ndipo amatumiza bulangete nthawi zina. Anzake adaseka, ine ndidamudzudzula, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu. Mwanayo adayankha molondola malinga ndi atate amene ankawadziwa. Masiku ano basi za ku Johannesburg zikudutsabe pa Tsangano Turn-off ndi pa Biriwiri zitadzaza anyamata, ndipo ana awo ali m'Sande sukulu.